Bokosi Lobwerako Kumanda

Amuna anga, a Macpherson Kadzuwa, anatisiya Lachiwiri m'mawa, ndipo pofika Lachitatu masana ndinali nditayambana ndi abale awo onse chifukwa cha bokosi lamaliro lachitsulo limene ine ndemwe ndinkadana nalo chilowereni pampanda pathu. Dzina langa ndine Lenia, ndipo ndinakhala nawo pabanja zaka makumi anayi ndi chimodzi. Mwambo umati mkazi woferedwa azikhala phee pamphasa, mutu pansi, n'kumangolandira moni wa opepesa. Ine zimenezo zinandikanika, chifukwa ndinali wokwiya kuposa mmene ndinalili wachisoni.

Tinabwera ku Mzuzu kuchokera kwathu ku Ntcheu mu 1984, boma litawatumiza kudzayang'anira misewu. Ankati tikhala zaka zitatu zokha. Zaka zitatuzo ndi zimene zinakathera kumanda a ku Zolozolo. Nyumba tinamanga ku Chibanja, mwana wathu Percy anabadwira konkuno, ndipo Chitumbuka ndinachizolowera mpaka kumakalipira nacho nkhuku zanga.

Uinjiniya wa amuna anga sunkatsala ku ofesi. Tepi yoyezera inkakhala m'thumba la jekete ngakhale Lamulungu kutchalitchi. Tsiku lina anayeza mtunda wochoka kukhitchini kukafika pampopi, nandiuza kuti ndimayenda mapazi mazana awiri achabechabe tsiku lililonse. Ndinawayankha kuti ngati mapaziwo akupweteka iwowo, chidebe chili apo. Mawa lake anasuntha mpopi. Kupepesa sankakudziwa, koma kukonza zinthu ankakudziwa.

Atachoka m'boma anatsegula kampani yomanga milatho, ndipo zinawayendera. Koma atangokwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi anagulitsa zonse, malole ndi makina omwe, nati atopa kumangira anthu a magalimoto, tsopano azimangira oyenda pansi. Anamanga timilatho ku Mzilawaingwe, makalavati, mijigo, zimbudzi zam'masukulu, ndipo ankakanitsitsa kuti dzina lawo lilembedwe pa chilichonse. Koma munthu akabwera pageti kudzapempha ufa, ankamukhazika pansi n'kumupanikiza ndi mafunso ngati wapolisi, mapeto ake n'kumuuza kuti vuto lake si ufa koma munda wopanda akalozera. Munthuyo ankabwerera ndi nzeru m'mutu, m'mimba mulibe kanthu, ine n'kumamuthamangira kuseri kwa mpanda ndi kambale ka ufa.

Mfundo zawo zinali ziwiri, ndipo ankazibwereza mpaka makutu kuwawa. Ankati chifundo chosayeza ndi chongodzisangalatsa wekha. Ankatinso chinthu chogwira ntchito kamodzi kokha ndi kuba. Sindingawanamizire, milatho ija ilipo mpaka lero, ndipo ana asukulu amawoloka mvula ya mu Epulo ili mkati osanyowa ngakhale mapazi. Ndinkanyadira, kungoti ndinkabisa kuti asatukumuke.

Zabokosi zinayamba atamwalira mnzawo wina, a Isaka, Msilamu wa ku Mangochi amene anali ndi sitolo ya zitsulo m'tauni. Amuna anga anapita kumaliroko, ndipo m'malo mobwera ali khuma, anabwera maso ali gwa ngati mwana amene watola ndalama.

"Mayi a Percy, anzathu aja anatitsogolera kalekale," anatero asanavule n'komwe nsapato. "Munthu anyamulidwa pa jeneza, aikidwa m'manda ndi nsalu yokha, jeneza ibwerera kumzikiti kukadikira wina. Ife mtengo wakula zaka makumi anayi ku Kaning'ina, tiucheka, tiupaka vanishi, tiukwirira m'maola awiri. Amasiye agulitsa mbuzi ndi malata chifukwa cha matabwa odya chiswe. Si kuba kumeneko?"

Ndinawauza kuti asambe m'manja adye, zamaliro azisiye kumanda. Koma nkhutukumve ija inali itagwira kale pensulo. Miyezi inayi anakhala akupita kwa Jasper, wowotcherera zitsulo amene ankagwira naye ntchito ya milatho, ndipo tsiku lina bokosi linafika pakhomo. Linali lachitsulo chopepuka, lopakidwa utoto wofiirira ngati mkungudza, la zogwirira zisanu ndi chimodzi. Pansi pake pankaikidwa chithatha cha nsungwi. Bokosi likafika pansi pa manda, munthu ankakoka chingwe, tizitsulo togwira chithathacho n'kumasuka, chitsulo chonse n'kukwera kumtunda, malemu n'kutsala pansungwi atakulungidwa nsalu ndi mphasa. Kenako kulitsuka ndi mankhwala, kulisunga. Aliyense ankatha kulibwereka kwaulere.

Palibe amene analifuna. Amuna anga anayenda nalo m'mipingo zaka zitatu, kulitsegula, kulitseka, kukoka chingwe kuti anthu aone. Anthu ankaomba m'manja, ankati "Yewo chomene, adada," koma maliro akagwa ankathamangira kwa akalipentala. Bokosi linkangokhala m'galaja mwathu, ine n'kumalambalala ndikamakatenga makala. Mphekesera zinayamba zoti bokosi lobwerako kumanda limabwera ndi njala, lifunika kudya wina. Amayi ena anasiya kugula mazira anga. Nditawadandaulira amuna anga, anati umbuli umatha ndi chitsanzo, pangofunika banja limodzi loyamba.

Banja loyambalo linali la Siyani, mayi wa ku Kaning'ina amene ankandigulitsa nkhuni. Amuna ake, a Amos, anali ocheka matabwa, ndipo mtengo unawagwera m'nkhalango. Munthu amene anachekera anzake matabwa a mabokosi moyo wake wonse analibe ngakhale thabwa limodzi pakhomo. Amuna anga atangomva anayatsa galimoto, nandiuza kuti ndikwere, ati mkazi amamva mkazi mnzake.

Tinamupeza Siyani kuseri kwa nyumba, maso atatupa, ana atatu atamuunjirira. Amuna anga anafotokoza zonse, za mitengo, za Asilamu, za makolo athu amene ankaikidwa m'mphasa. Siyani anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa funso limodzi.

"Adada, kasi inuyo mungalowemo?"

Amuna anga anaika dzanja pachifuwa. "Ine ndikadzafa ndidzalowa m'bokosi lomweli. Mayi awa ndi mboni."

Siyani anatembenukira kwa ine. Ndikanatha kuyang'ana kumbali, kapena kutsokomola, kapena kunena kuti mwana wanga, ganiza bwino. Koma ndinamugwira dzanja n'kunena kuti, "Akunena zoona. Ine ndikutsimikizira." Mawu amenewo ndi amene akhala akundidya zaka ziwiri.

Kumanda kuja, chingwe chitakokedwa n'kuona bokosi likukwera lopanda munthu, khamu lonse linati haa nthawi imodzi. Apongozi ake a Siyani anagwa pansi. Sabata isanathe abale a mwamuna anamuthamangitsa pamalo, ati anataya mwana wawo m'dzenje ngati galu. Anakapeza kachipinda ka lendi ku Mzilawaingwe. Ana ake kusukulu ankawaseka kuti bambo awo anabwereka bokosi. Pamaliro ena akafika pamoto kuti athandize kuphika, amayi ankamulanda chipande mwaulemu n'kumuuza kuti apume. Nanga amuna anga? Ndinaona ndi maso anga zimene analemba m'kabuku kawo tsiku lija: kuyesa koyamba kwatheka, chingwe chifupikitsidwe pang'ono. Nditawakalipira anapita kukamuuza Siyani kuti amumangira nyumba, iye anakana, ndipo iwo anabwera akudabwa kuti munthu angakane bwanji nyumba ya njerwa zootcha.

Ndiye Lachiwiri lija amuna anga anagwa akuyendera kalavati yotsekeka ndi zinyalala, tepi ili m'manja. Pofika kuchipatala anali atapita kale. Zoti adzaikidwa kuno osati ku Ntcheu anali atazimanga okha ndi abale awo kalekale, choncho ndinkaganiza kuti palibenso chokanganirana.

Lachitatu mlongo wawo, a Thokozani, anafika ndi minibasi yodzaza abale. Posakhalitsa Percy anafikanso kuchokera ku Lilongwe, kumbuyo kwake kukubwera galimoto yonyamula kasiketi yoyera mbee, ya zogwirira zonga golide ndi kawindo ka galasi. Anthu pabwalo anaimirira kuti aione bwino. Ine ndinali pamphasa m'chipinda chochezera, ndipo nditaiona pawindo mtima unangoti phwii. Ndivomere pano kuti kasiketi ija inandisangalatsa. Ndinati basi, chitsulo chija chidzaole chokha m'galaja, amene analonjeza wapita.

Kenako ndinamuona Siyani. Analowa pageti atasenza mtolo wa nkhuni monga amachitira aliyense wobwera pamaliro, anautula pamoto, amayi anayi amene anali pamenepo n'kusendera kumbali onse pamodzi. Anapita kukakhala yekha pafupi ndi khola la nkhuku, mvula ikuwaza, atafunda chitenje kumutu. Ndinadzuka pamphasa. Amayi a kumpingo anandikoka chitenje kuti ndikhale pansi, koma ndinatuluka.

"Pepani chomene, amama," anatero nditafika, atagwada.

"Zikomo, mwana wanga. Bwanji osalowa m'nyumba? Ukunyowa."

"Yayi, pano pali makora. Ine ndangobwera kudzaona."

"Kudzaona chiyani?"

Anandiyang'ana, osati mwachipongwe, koma mmene munthu amayang'anira wogulitsa amene wamupatsa chenje choperewera. "Kudzaona ngati alowemo," anatero. "Kwathu akuti bwana anangondipusitsa, ati olemera salowa m'zotere. Ine ndimawayankha kuti amama anatsimikiza. Ana anga ndimawauza zomwezo."

Manyazi anandigwira, ndipo pambuyo pa manyaziwo panabwera mkwiyo umene sindinaumvepo chibadwire. Ndinakwiyira amuna anga amene analonjeza n'kuthawa. Ndinakwiyira amayi aja apamoto. Koma makamaka ndinadzikwiyira ndekha, chifukwa mphindi zisanu zapitazo ndinali nditamugulitsa mayi ameneyu pa zogwirira za golide wabodza.

Ndinaitana amuna anayi a kumpingo kuti atulutse bokosi m'galaja. Analitulutsa akuyang'anana, naliika pakati pa tenti monga ndinawalozera. Nyimbo inaduka pakati. A Thokozani anatuluka m'nyumba akumanga chitenje.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

"Bokosi la achimwene anu. Alowa m'menemu mawa."

"Mwapenga kodi? Mlongo wanga, munthu wodziwika Mzuzu yense, alowe m'chitini chimene anagonamo kale wina? Ife tabwera kudzaika munthu, osati kudzachita chionetsero. Maliro ano ndi athu, alamu. Inu munangokwatiwa."

"Eya, ndinangokwatiwa," ndinatero. "Zaka makumi anayi ndi chimodzi ndinangokwatiwa. Ndinangowachapira, ndinangowadwazika, ndinangogona khoma limodzi ndi chitini chimenechi zaka zisanu inu muli phee ku Ntcheu. Ankakutumizirani feteleza simunati ndi amisala. Lero akufuna chinthu chimodzi chokha, ndiye mwadziwa kuti maliro ndi anu?"

Percy anabwera kudzandigwira phewa. Mwana ameneyu anatenga msinkhu wa bambo ake koma mtima anatenga wa nkhunda. "Mami, please, tiyeni tikambirane m'nyumba. Mawa kukubwera anthu a kuofesi, abwana anga, aliyense. Adadi ankangonena zija kuti anthu alimbe mtima. Inali project chabe."

"Project?" Ndinamuchotsa dzanja. "Tayang'ana uko kukhola la nkhuku. Mayi uyo anathamangitsidwa pamalo, ana ake akusekedwa, chifukwa cha project. Bambo ako analumbira pamaso pake, ine n'kuthira umboni. Ngati iwo ankanama, ine sindinkanama."

"Ndiye mutichititse manyazi tonse chifukwa cha mayi wogulitsa nkhuni?" anatero a Thokozani.

"Manyaziwo iye wawasenza yekha zaka ziwiri, sanafe nawo. Inunso simufa. Tamverani, alamu. Mphamvu muli nazo, mukhoza kuwaika m'kasiketi yanuyo. Koma ine kumanda sindipondako. Ndikhala pano pamphasa pafupi ndi bokosili, ndipo aliyense wofunsa kuti mkazi wa malemu ali kuti, mumuyankhe nokha."

Ndinakokadi mphasa n'kukhala pamenepo. Onse ankadziwa zimene anthu anganene mkazi akapanda kuoneka kumanda a mwamuna wake, ndipo nkhani yotero siithera pa mkazi yekha, imadetsa mtundu wonse. Akuluakulu a mpingo anawatengera abale kuseri kwa nyumba. Anakambirana mpaka tiyi wa madzulo anazizira m'maketulo. Mkulu wina anakumbutsa kuti malemu ananena mawu omwewo kutchalitchi kangapo konse, anthu akumva. Pomaliza a Thokozani anabwera, naima patali nane ngati ndili ndi mphere.

"Chitani zimene mukufunazo. Koma anthu akamaseka, adziwe kuti akuseka inu."

Lachinayi m'mawa tinapita kumochale kukatenga thupi. Jasper ananyamula bokosi pa pikapu yake, atalitsuka n'kulipukuta, ataikamo chithatha chatsopano ndi mphasa. Kasiketi nayo inatitsatira, a Thokozani ati mwina Mulungu andilankhula panjira. Amuna analowa m'kachipinda kosambitsira, ife amayi tinakhala panja pakhonde tikuimba. Siyani anabwera wapansi, nakhala kumapeto kwenikweni kwa khonde.

Anachedwa m'katimo. Nyimbo zitatu zinatha, yachinayi ili pakati, Percy anasuzumira pakhomo n'kundikodola. Nkhope yake inali ya munthu amene akuyesetsa kubisa kuti wapepukidwa.

"Mami, sakukwana."

Ndinalowa, a Thokozani ali pambuyo panga. Amuna anga anali atavekedwa suti yawo yotuwa, atagonekedwa m'bokosi lawo. Mutu unali utagunda chitsulo chakumtunda, koma zidendene zinali pamwamba pa chitsulo chakumapazi, nsapato zitatulukira kunja ngati munthu wamkulu amene wagona pabedi la mwana. Panatsala pafupifupi chikhatho chathunthu.

Ndinatembenukira kwa Jasper. "Izi zatheka bwanji? Munthu amene ankayeza ndi mapazi anga omwe?"

Jasper anakanda kumutu. "Amama, bwana anayeza mabokosi mazana awiri kwa akalipentala a mumzinda muno. Anati mwa anthu zana limodzi, makumi asanu ndi anayi kudza asanu amakwana muyeso umenewu. Ine ndinati tiwonjezereko pang'ono. Anakana, ati chitsulo chichuluka, onyamula azilemedwa. Anati injiniya amapangira anthu ambiri, sapangira aliyense."

"Ndiye iwo eni sankadziwa kuti ndi aatali?"

Amuna anga ankadziwa kutalika kwa chitseko chilichonse m'nyumba mwathu chifukwa ankachita kuwerama polowa. Anayeza mabokosi a anthu osauka mazana awiri, koma iwo eni sanadziyikepo pamzerewo. Kaya anaiwala, kaya mumtima mwawo bokosi lija linali la anthu ena kuyambira pachiyambi, ine sindidzadziwa, ndipo kusadziwako kumandiwawa mpaka lero.

A Thokozani anakweza manja kumwamba. "Mwaona, alamu? Mulungu wakana yekha! Percy, uza anthuwo atsitse kasiketi."

"Dikirani," anatero Jasper. "Chitsulo sichivuta. Ndikathamangira makina, ndidule kumapaziku, ndiwotcherere chigamba, ndipake utoto. Pofika thu koloko latha. Palibe angadziwe."

Ndinapuma mpweya wautali. Nzeru imeneyo inandikomera, chifukwa lonjezo likanasungika, amuna anga n'kugona motambasuka. Ndinamuuza Jasper kuti athamange, mwambo uchedwe ndi maola awiri, anthu adikira. A Thokozani anayamba kung'ung'udza za mvula ndi ulendo wa ku Ntcheu, koma sindinawalabadire. Jasper anali atatulutsa kale makiyi a pikapu pamene mawu anamveka pakhomo.

"Amama."

Anali Siyani. Chitseko chinali chosatseka, ndipo anali ataima pamenepo, manja atagwira chitenje pachifuwa. Wantchito wa pamalopo anafuna kumubweza, koma ndinati amusiye.

"A Amos anali aatali kuposa bwana," anatero.

Kunja amayi ankaimbabe. Ndinawakumbukira a Amos, chimunthu chachitali chimene chinkasenza thabwa paphewa ngati bango. Zaka ziwiri zonsezi nkhani imeneyi inali isanandibwerere m'mutu ngakhale kamodzi.

"Ndiye munachita bwanji?" ndinafunsa. Funsolo linali la Jasper, koma Jasper anali akuyang'ana makiyi ake.

"Anawagoneka cham'mbali n'kuwapinda mawondo," anayankha Siyani. "Tinalimo atatu, bwana, adada awa, ndi ine. Adada awa ananena zomwezi, zoti akatenge makina. Bwana anakana. Anati kudula kuononga bokosi, ndipo wakufa samva kuwawa. Anawapinda okha ndi manja awo. Kenako anawakulunga bwinobwino kuti anthu asaone. Sindinauzepo munthu. Abale awo akanamva zimenezo akanandipha. Koma ine ndikatseka maso ndimawaona afumu anga a Amos ali chopindika. Munthu anagwira ntchito moyo wake wonse ataimirira, nadi, n'kukagona ngati mwana wozizidwa."

"Jasper," ndinatero, "akunama mayiyu?"

"Sakunama, amama."

Ndinawayang'ana amuna anga. Nkhope yawo inali yodekha, ngati ya munthu amene masamu ake onse atuluka bwino. Ndinkafuna kuwagwira kolala ya suti ija n'kuwagwedeza mpaka adzuke, andiuze ngati tsiku lija anabwera kunyumba n'kudya chakudya changa ndi manja omwewo, osanena kanthu. Anabweradi, ndipo anadya, anapemphanso ndiwo zina. Munthu ameneyu anawolotsa ana a eni mazanamazana pamitsinje yodzaza, koma analephera kudikira maola awiri kuti mwamuna wa mayi mmodzi agone motambasuka.

"Bweza makiyiwo m'thumba," ndinamuuza Jasper.

"Eya, tsopano mwaganiza bwino," anatero a Thokozani. "Percy, kasiketi."

"Kasiketi ikhale komweko. Agonekeni cham'mbali, muwapinde mawondo."

A Thokozani anakuwa. Anandinena kuti ndine mfiti, kuti ndinkangodikira tsiku limeneli, kuti akauza mtundu wonse ku Ntcheu. Ndinawauza kuti akauze, ndipo asaiwale kuyambira pa a Amos. Percy anagwada pasimenti yonyowa ija n'kundigwira miyendo.

"Mami, ndi adadi anga. Chonde. Jasper angowotcherera basi, kapena tingowaika mwinamo. Munthu wafa kale, mukumulangiranji?"

"Sindikuwalanga, mwana wanga. Ndikuwapatsa zimene anapatsa anzawo. Anati wakufa samva kuwawa. Ngati ankanena zoona, palibe chimene ndikuwalakwira. Ngati ankanama, akamve okha."

Ndinayang'ana amuna amene anali m'chipindamo mmodzimmodzi, akulu a mpingo awiri, msuweni wa malemu, Jasper. Aliyense anapeza choyang'ana pakhoma. Palibe anasuntha. A Thokozani anatuluka akulira mokweza kuti apakhonde amve, Percy anawatsatira atagwira kumaso.

Ndinavula juzi n'kumupatsa Jasper. Ndinamasula zingwe za nsapato za amuna anga, n'kuzivula, n'kuziika pansi bwinobwino. Mapazi anali ozizira ngati mwala wapamtsinje. Ndinalowetsa dzanja kunsi kwa bondo n'kukankha, koma mwendo unali gwa. Ndinayesanso ndi mphamvu zanga zonse za nkhalamba, mpaka msana unalira, koma sunapindike. Ndinkawakonda munthu ameneyu, ndinene poyera, ndinkawakonda ngakhale nthawi imeneyo pamene ndinkalimbana ndi mwendo wawo ndikuwatukana chamumtima.

Ndinamva munthu ataima pambali panga. Siyani anali atamanga chitenje chake m'chiuno molimba ngati akupita kumunda.

"Osati choncho, amama, muwathyola," anatero motsitsa mawu. "Muyambe mwawatembenuza, nkhope iyang'ane uku. Kenako mutikite kuseri kwa bondo pang'onopang'ono mpaka lifewe. Ndinaona mmene anachitira."

Iye anagwira kumapewa, ine ndinagwira m'chiuno, tinawatembenuza. Ndinatikita bondo lakumanja, iye lakumanzere, nthawi yaitali. Langa linayamba kugonja, lake linatsatira. Mapazi analowa m'bokosi.

Siyani anawongola jekete imene inali itakwinyika paphewa, nakonza tayi, kenako anabwerera m'mbuyo n'kuyang'ana kwa kanthawi.

"Enya," anatero. "A Amos anagona choncho."